Mgonero wa Mkazi Wachiwiri

Hellen Sakala anabwera kwathu kuno ku Sinda ali mtsikana, ndipo anapeza kuti pakhomo pa a Robson Daka pali kale mkazi. Sikuti sankadziwa. A Robson anali atamuuza, koma anamuuza monga amanenera amuna nkhani zoterezi, mwachidule komanso akuyang'ana kumbali. Kwawo kwa Hellen kunali ku Vubwi, kufupi ndi malire, kumene a Robson ankapita kukagula nsawa masiku amenewo miyendo ikadali yolimba. Anamutenga chitengwa, poti munthu wa famu ndi ng'ombe sakanasiya zonsezo n'kukakhala mkamwini kumudzi kwa eni.

Mkazi wamkuluyo anali a Catherine. Anali ataberekapo ana angapo, koma onse anakagona kumanda a kuseri kwa famu asanayambe n'kuyenda komwe. Anali mayi wa chigwirizano cha amayi kutchalitchi kwathu, wa bulauzi yoyera yosita bwino, wosakonda kuseka pagulu. Tsiku limene Hellen anafika anamuikira madzi osamba, anamuonetsa nkhokwe yake ndi nyumba yake, kenako sanamulankhulitsenso mpaka chimanga chinacha.

Ine ndine woyandikana nawo, ndiye zaka zoyambazo ndinazimva ndi makutu anga, osachita kufunsa. Ankakangana za nkhuku yoikira m'nyumba ya wina, za mtondo, za sopo. A Robson zikawakwana ankasiya Chichewa n'kulowa Chinsenga, kenako n'kupita kukakalipira ng'ombe zosalakwa. Phokoso linayamba kuchepa Hellen atabereka Wisdom. A Catherine anabwera kudzaona khandalo nkhope ili gwa, analinyamula, ndipo sanafunenso kulibweza. Pobadwa Patience, anthu achilendo sankadziwanso kuti mayi wobereka ndi uti.

Mpingo unali utawadula a Robson chifukwa cha mitala, ndipo iwo sanadandaule nazo. Lamulungu linangosanduka tsiku lokonza magoli ndi matayala a ngolo. A Catherine, poti sanalakwe kanthu, anapitiriza kudya mgonero. Hellen anachokera kubanja losapemphera, ndipo kutchalitchi anayamba kupita ngati wonyamula mwana ndi buku la nyimbo la a Catherine. Tsiku limene za Mulungu zinamulowa mumtima sindikulidziwa, za mumtima mwa munthu amadziwa ndi mwiniwake. Iye amati zinayambira m'munda wa thonje, kumene munthu umatha tsiku lonse uli wekha pamzere wako. Anayamba kumauza Mulungu zinthu zazing'ono, za msana kuwawa ndi za chifuwa cha mwana, ndipo anaona kuti akumvedwa. Kuyambira pamenepo anafuna kubatizidwa ndi kukhala nawo pamgonero, ndipo chilakolako chimenecho sichinamuchokenso.

Lamulo la mpingo wathu ndi lodziwika. Mkazi wachiwiri angathe kupemphera, kuimba, kusesa m'tchalitchi, kutunga madzi oumbira njerwa ndi kuphikira alendo pamsonkhano. Zonsezi Hellen anachita, ndipo palibe anamuletsa, pantchito mpingo susankha. Koma ubatizo ndi mgonero ayi, mpaka atachoka pamitala. Njira zochokera pamitala zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kusiya banja. Yachiwiri akulu a mpingo saitchula, koma ndi mwana yemwe amaidziwa: mkazi wamkulu akamwalira, wamng'ono amatsala yekha, abusa n'kudalitsa ukwati, nkhani n'kutha.

Kalasi ya ofuna ubatizo analowa, anaimaliza, anabwezedwa. Patapita zaka analowanso, nabwezedwanso ndi mawu omwe aja. Kusiya banja ana ali aang'ono sakanatha, ndipo anawo atakula, Wisdom ku Lusaka, Patience ku Chipata, anali atazolowera kukhala choncho. Imvi zinamupeza akadali munthu wotuluka panja mbale ya mkate ikayamba kuyenda.

Ndiye chaka china, thonje likuchita maluwa, a Catherine anagwa m'munda. Anawatengera kuchipatala ku Katete, ndipo anabwerako mbali yakumanja itafa, pakamwa patapotoka. Ana ankaimba foni kufunsa kuti amayi aakulu agona bwanji. A Robson ankalowa m'nyumbamo, kuima pakhomo, kukhosomola, n'kutuluka. Ntchito yonse inagwera Hellen. Ankawasambitsa, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, kuchapa nsalu zawo, kuwamwetsa phala lotendera ndi supuni yaing'ono, ndi kuwanyamula kuti akaothere dzuwa pakhonde. Anasamutsira mphasa yake m'nyumba ya a Catherine. Mawu a wodwalayo ife tinkangomva ngati munthu wolankhula ali ndi madzi m'kamwa, koma Hellen ankamva zonse, ndi zonyoza zomwe.

Pamjigo nkhani inayamba msanga. Amayi ankati Mulungu sagona, khomo la amake Wisdom layamba kutseguka. Sankanena mwankhanza ayi, ndipo kuipa kwake kunali komweko. A Theresa, akazi a mkulu wa mpingo a Damiano Njobvu, ndi munthu wamtima wabwino amene sindinamumvepo akutukwana ngakhale mbuzi. Tsiku lina anamutwika Hellen ndowa, n'kumuuza chapansipansi: "Kuona maso a nkhono n'kudekha, amake Wisdom. Mwadikira zaka zonsezi, zatsalazi n'zochepa." Hellen anangokonza nkhata n'kumapita.

Zimene zinachitika pambuyo pake anatiuza yekha, sindikupeka. Inali nthawi yotola thonje. Anaweruka kumunda masana ndi thumba pamutu, ndipo atafika pakhomo anaitana monga mwa masiku onse, amayi ndabwera. M'nyumba munali zii. Anaitananso, osayankhidwa. Akuti pamenepo, asanaganize chilichonse, mtima wake unapepuka. Unapepuka ngati munthu watula mtolo wa nkhuni. Kenako a Catherine anakhosomola m'katimo, anali atangogona tulo.

Hellen anakhala pansi pakhondepo thumba lili pambali, ndipo anachita mantha kuposa tsiku lililonse la moyo wake. Manja amene ankatembenuza mayiyo anali ake, ndipo mtima umene unakondwera kuti wafa unalinso wake. Anaona kuti akakhala pakhomopo, mawu a pamjigo aja adzapitiriza kumera mwa iye, ndipo tsiku lina adzafika pagome la Ambuye atadutsa pamtembo wa munthu amene analera ana ake. Anati mkate wotero sungamutsike pakhosi.

Lamulungu lotsatira anakaonana ndi a Damiano n'kuwauza kuti akusiya banja. A Damiano anayamika Mulungu monga ayenera mkulu wa mpingo, koma ndi munthu woganiza, ndipo anafunsa za wodwala uja. Anazungulirazungulira, kenako anati mwina ndi bwino kudikira pang'ono, zinthu sizikhala chimodzimodzi mpaka kalekale.

"Kudikira chiyani, abambo?" anafunsa Hellen. "Chitchuleni chimene ndikudikiracho."

A Damiano anayang'ana nsapato zawo. Sanachitchule.

Kukonzekera kunayamba pomwepo, ndipo Hellen anakonzekera monga amalimira, mzere ndi mzere. Anatumiza mawu kwa mlongo wake a Feston ku Vubwi, amene anali nkhoswe yake, kuti abwere komanso kuti ayambe kumufunira mitengo ndi udzu wa kanyumba. Ankhoswe atakhala pansi, a Robson anakana. Anati iwo sanamumenyepo mkaziyu, sanamugonekepo ndi njala, nanga akuwasiyiranji ukalamba uno? Zinali zoona, ndipo Hellen anavomera pamaso pa onse kuti mlandu ndi mwamuna wake alibe. Anati sakufuna ng'ombe, sakufuna munda, akungopempha kuti amusudzule mwamtendere. Nkhani yopanda wolakwa ndi yovuta kuweruza, ankhoswe anatha tsiku lonse akutafuna nzimbe. Pomaliza a Robson anati munthu wolimbana ndi Mulungu iwo sangamugwire mwendo, apite thonje likatha.

Chotsala chinali chachikulu chija: a Catherine awasiyira yani? Hellen anayamba kuphunzitsa a Robson. Anawaonetsa poika dzanja potembenuza munthu, kuyesa phala ndi chala kuti lisaotche, kupukuta m'makwinya a khungu. A Robson anayesetsa, tisawanamizire, koma manja ozolowera goli anamugwira mkazi wawo ngati thumba la feteleza, ndipo a Catherine ankalira ndi ukali. Amayi a chigwirizano tinalonjeza kuti tizisinthana. Ife kulonjeza timatha. Lachinayi loyamba tinadzaza nyumba, tinaimba, tinapemphera, tinasesa ndi pabwalo pomwe. Lachinayi linalo kunali maliro kumudzi wina, linalo kunali kukolola, ndipo aliyense anali ndi chifukwa chomveka.

Tsiku lina Hellen anapita ku Katete kukagula misomali ndi loko wa chitseko cha kanyumba kake, n'kusiya a Robson kuti ayesere tsiku lathunthu. Pobwera madzulo anapeza a Catherine ali chigonere mbali yomwe anawasiyira m'mawa, nsalu zitanyowa, phala litauma m'mbale, ntchentche zili pakamwa. Ng'ombe zinali zitalowa m'dimba la eni, ndipo a Robson anathamangira kumeneko n'kukachedwa ndi kupepesa. Sanachite dala. Koma Hellen anaona poyera kuti akachoka, mayiyu safika dzinja. Kukhala kunali kudikira imfa, kuchoka kunali kuifulumizitsa, ndipo konseko munthu wakufayo anali mmodzi yemweyo.

Masiku onsewa a Catherine anali asanauzidwe kanthu pamaso, ngakhale nkhani ya ankhoswe inachitikira pansi pa mtengo wa mango umene ankauona ali pakhonde. M'mawa mwake, akuwasambitsa, Hellen anaulula zonse. Ananena za ubatizo, za kusamuka, ndi za masana aja pamene anaitana osayankhidwa. Akuti ananena maso ali pa beseni, poti kuwayang'ana sakanatha.

A Catherine analankhula, mawu akutuluka limodzilimodzi.

"Iwe kamodzi kokha? Ine chaka chimene unabwera ndinkakufunira imfa tsiku lililonse. Uli ndi pakati pa Wisdom ndinkapempha kuti usadzuke pochira. Ndipo mgonero ndinkadya, bulauzi ndinkavala. Palibe anandifunsa."

Hellen anapitiriza kuwapukuta mkono wakufawo.

"Pita ukabatizidwe," anatero a Catherine. "Koma ukamamanga miphika yako, undimangire pomwepo. Nditenge."

Hellen anayamba kaye waseka, poyesa nthabwala. Ataona kuti si nthabwala, anawakumbutsa chinthu chimene a Catherine sakanachiiwala. Ku Vubwi n'kutali, munthu wodwala chonchi akapita sabwerako, ndipo akadzamwalira adzaikidwa pakati pa alendo. Nanga ana awo aja ali kuseri kwa famu, amene a Catherine ankalimira manda awo chaka ndi chaka, nanena kuti adzagona pambali pawo?

Apa mayiyo analira, misozi ikutsikira mbali imodzi ya nkhope. Atatha anati, "Iwo aja safuna wowatembenuza."

Nkhaniyi itamveka, mudzi unagawanika. Ena anati n'zamanyazi, mkazi sachoka pabanja atanyamula mkazi mnzake ngati katundu. Ena anafunsa kuti kodi a Catherine nawonso akusudzulidwa, ndipo a Damiano anafotokoza kuti ayi, ukwati wawo ulipo, akungopita kukadwazikidwa. Mwambo wa nkhani yotere panalibe amene ankaudziwa, poti inali isanachitikepo. Abale a a Catherine anali atatha, kunatsala mwana wa mchemwali wawo, Godfrey, wogulitsa zitsulo za njinga pamsika wa Katete. Anamuitanitsa kuti anene maganizo a kubanja. Anabwera, anaona mmene azakhali akewo analili, anayang'ana beseni ndi nsalu zoyanikidwa, ndipo anayankha msanga kuposa mmene ulemu umafunira: "Ngati ndiye vamene afuna anti, ise tilibe pulobulemu."

A Robson anakalipa m'Chinsenga mpaka mawu anasasa, kenako anapita kukhola. Anthu ankaseka kuseri kuti mapanga awiri avumbwitsa, munthu anali ndi akazi awiri lero watsala ndi ng'ombe. Inenso ndinaseka nawo, koma ndinawamvera chisoni. Iwo ankadziwa bwino kuposa tonsefe zimene zinachitika tsiku la ng'ombe m'dimba, ndipo sanafune kuti zichitikenso.

Tsiku la ulendo a Robson anamanga okha ng'ombe pangolo. Anayala udzu, pamwamba matiresi, ndipo anathandizana ndi Hellen kumukweza mkazi wawo, ulendo uno mosamala. Miphika, thumba la ufa ndi nkhuku zomanga miyendo zinakhala kumapazi. Njira yopita kumsewu waukulu, kumene galimoto yobwereka inkadikira, imadutsa pafupi ndi manda. Atafika pamenepo a Robson anaimitsa ng'ombe popanda wowauza. Hellen anawadzutsa a Catherine n'kuwatsamiritsa pachifuwa pake kuti aone. Anayang'ana kanthawi ndithu, kenako anagwedeza dzanja lamoyolo kuti tiyeni.

Ku Vubwi a Feston ankayembekeza mlongo wawo ndi miphika. Mawu anali atawafika, koma ankayesa kuti anthu akukokomeza. Pamudzi paja anaseka kwa sabata, amati ena pochoka kubanja amabwera ndi mbuzi, uyu wabwera ndi mkazi mnzake. Kenako anazolowera, n'kuyamba kuwatchula a Catherine kuti amayi a ku Sinda. Kanyumba kanali ka chipinda chimodzi, ndipo kanakwana.

Abusa a kuno analankhulana ndi a kumeneko, ndipo Hellen sanamubwerezetsenso kalasi. Anabatizidwa mvula yoyamba itagwa, pamodzi ndi anyamata ndi atsikana a msinkhu wa adzukulu ake. Ine sindinapiteko, ndinamva kwa Patience. A Catherine anawatengera kutchalitchi pa wilibala yoyalidwa bulangeti, atavala bulauzi yawo yoyera imene inali itawakulira. Pamgonero Hellen anayamba wawamwetsa iwo, poti dzanja lawo silikanagwira kachikho, kenako anamwa kake. Nditakumana ndi Hellen ndinamufunsa kuti zinali bwanji, patatha zaka zonse zija. Anati kukoma kwa mkatewo sakukukumbuka, koma unatsika pakhosi bwinobwino.

A Catherine anakhala moyo nthawi yaitali kuposa mmene amayi a pamjigo ankawerengera. Anadya chimanga chatsopano cha ku Vubwi, anadyanso cha chaka chinacho. Hellen ankalima nsawa pamunda umene a Feston anamudulira pafupi ndi nyumba, kuti azimva akaitanidwa. Ankakanganabe, makamaka za mchere m'ndiwo. Zilonda sanachite ngakhale chimodzi. A Robson ankapitako nthawi zina ndi thumba la chimanga, kugona kwa a Feston, n'kubwerera m'mawa.

A Catherine anamwalira nyengo yozizira, m'mawa, Hellen akuwakonzera madzi osamba. Kuchokera kuno tinapita ambiri ndithu pa lole, amayi a chigwirizano titavala zoyera, poti maliro ife sitijomba. A Robson anakhala kutsogolo ndi dalaivala, ataonda, jekete ikulendewera m'mapewa. Manda anakumbidwa pakati pa abale a Hellen, anthu amene a Catherine sanawadziwepo ali moyo.

Hellen analira kwambiri. Sikunali kulira kwa mwambo kumene timalira tonse tikamalowa pasiwa, kunali kulira koipa, kwa munthu wamkulu amene sakusamalanso za maonekedwe ake. Titabwerera kumanda anakakhala kuseri kwa kanyumba kake, ndipo ine ndi a Theresa tinamutsatira kuti tikamutonthoze. A Theresa anamugwira paphewa. Ndi mtima wabwino womwe uja, anayamba kumuuza kuti Mulungu amakonza zinthu m'nthawi yake, kuti tsopano a Robson atsala okha ndipo akuvutika, kuti palibenso choletsa, angathe kubwerera kunyumba kwake abusa n'kudalitsa ukwati m'tchalitchi, anthu onse akuona.

Hellen anachotsa dzanjalo paphewa pake, osati mwaukali.

"Amayi, ndisiyeni ndilire," anatero. "Ndinasamuka kuti tsiku la lero lisadzandipatse kanthu."

Tinakhala naye pomwepo mpaka lole inaliza hutala, ndipo tinamusiya akulirabe.